Tebulo Limene Linazungulira Limbe

Tsiku limene ndinatsimikiza zopita ku Kepitauni ndinayamba kuuza mayi, chifukwa ndinkadziwa kuti phiri lili kwa bambo. Mayi anali pakhonde kwathu ku Chilobwe, akusankha nyemba zoti akagulitse kumsika. Nditawauza kuti kampani ina yopanga mapulogalamu a pa intaneti yandilemba ntchito, anakweza manja kumwamba ndi lichero lomwe, kenako analoza ndi mlomo pabalaza pamene bambo ankamvera wailesi.

"Kawauze wekha, Elube. Ine nkhondo za inu awiri ndinatopa nazo."

Bambo anga anakalambira pa ntchito ya ukalaliki m'sitolo yaikulu ya banja lina la amwenye ku Limbe, ija yopikulitsa katundu kwa eni magolosale. Mpaka lero anthu ambiri sadziwa dzina lawo, amangoti a Kalaliki. Moyo wawo wonse unali rula, cholembera chofiira ndi mabuku aakulu amene ankajambulamo mizere okha, yotsika ndi yopingasa, yowongoka ngati njanji. Munthu wotero akafunsa za ntchito yako, amafuna uitule pamaso pake aigwire.

"Chimene ukapangecho," anandifunsa, "ungachinyamule n'kudzandionetsa?"

"Chimakhala pa intaneti, bambo."

"Ndiye kuti palibe." Anachepetsa wailesi. "Ndakuyankhulira kale malo a mu ofesi m'tauni momuno. Mwana wamkazi, dziko la eni, ntchito ya mumphepo. Ukafuna pita, koma usadzati ndinakutuma ndine."

Ndinapita. Kokwerera basi anandiperekeza mayi okha, bambo anati ali ndi msonkhano wa kutchalitchi, ngakhale linali Lachiwiri. Basi itafika pa Zalewa ndinali nditalira kale mokwanira. Sindinkalirira ulendo ayi, ndinkalirira kuti ndanyamuka popanda liwu limodzi lokoma la bambo anga, ndipo sindinkadziwa ngati ndidzalimva.

Choseketsa n'chakuti ntchito imene anandipatsa ku Kepitauni inali ya bambo yomwe ija. Anandiika pa gulu lopanga tebulo la pa webusaiti, lija la mizere yotsika ndi yopingasa limene mabungwe amaonetsapo mayina, katundu kapena malo. Kusiyana kwake kunali kwakuti lathuli linali lamoyo. Ukadina pamutu pa mzere wotsika, zonse zimadzisanja zokha kuyambira pa A kapena kuyambira chachikulu. Ukalemba mawu m'kabokosi kapamwamba, limasefa n'kukusiyira zokhazo zimene ukufuna. Zinthu zikachuluka limazigawa m'masamba. Ukamatsikira pansi, mutu umatsala uli pamwamba kuti usaiwale kuti mzere uwu ndi wa chiyani. Ukhoza kukulitsa mzere poukoka, kuubisa, kapena kukonza cholakwika pomwepo osatsegula tsamba lina. Ndinkati ndikaliyang'ana, ndinkaona a Kalaliki ataweramira buku lawo, lilime lili pakona pa mlomo.

Vuto la ntchito imeneyi ndi mabulauza, mapulogalamu aja amene munthu amatsegulira intaneti pa kompyuta kapena pa foni. Mabulauza ali ngati akuluakulu a pamaliro: uthenga ndi umodzi koma aliyense amaumva mwake. Chimene chaoneka bwino pa bulauza iyi, pa inzake chimapendekeka, pa yachitatu sichioneka n'komwe. Theka la tsiku langa linkathera pa kupanga chinthu, theka linalo pa kunyengerera mabulauza kuti agwirizane.

Za moyo wa kumeneko ndinene mosabisa. Ndinkakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni, kozizira mwakuti ndinkagona ndi juzi. Mphepo ya mumzinda umene uja siipereka moni, imangokukankha. Malipiro ankaoneka aakulu ukawatembenuza kukhala makwacha, koma lendi ndi sitima zikadyapo, ndikatumiza kwathu, chotsala chinali cha buledi ndi mazira. Anzanga a ku ofesi anali anthu abwino, koma Lachisanu likakwana aliyense ankalowera kwake, ine n'kutsala ndi makoma. Panali masabata amene ndinkazindikira kuti kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba sindinatsegule pakamwa, kupatula poyasamula.

Lamulungu masana ndinkaimba foni kwathu. Mayi ankandiuza zonse, za mtengo wa nyemba, za amene wakwatiwa, za amene wathawa ukwati. Kenako ankati, "Nawa bambo ako." Ndipo zinkayenda chimodzimodzi nthawi zonse.

"Muli bwanji, bambo?"

"Tili bwino. Kaya iwe?"

"Ndili bwino."

"Chabwino. Usathe mayunitsi. Nawa mayi ako."

Ndinkatsala nditagwira foni, mtima uli zii. Sikuti ankandikalipira. Kukalipira kukanakhala bwino, chifukwa munthu wokalipa amakhala akuyankhula nawe.

Ndisanamalize miyezi yoyesedwa pa ntchito, kunabwera moto. Kasitomala wathu wamkulu anali bungwe lina lokhala ndi maofesi ang'onoang'ono m'mayiko angapo a kuno kwathu, ndipo anadandaula kuti tebulo lathu likuphwasuka pa makompyuta awo akale ndi pa mafoni a antchito awo. Bwana wanga, mayi wina wachizungu dzina lake Aneli, wosadziwa kuzungulira polankhula, anandipatsa ine ntchitoyo. Anati kasitomala ameneyu akachoka, malo anga achoka naye. Mu ofesi yathu makina onse anali atsopano. Tinali ndi pulogalamu yonamizira makina akale, koma inkandionetsa kuti zonse zili bwino pamene kasitomala akulira.

Pamenepo ndinakumbukira kafoni ka bambo, ka mabatani, kamene kanali ndi kabulauza kaja kosadya bandulo. Ndinazengereza tsiku lonse. Kenako ndinakonza tebulo loyeserera, ndipo posowa zoikamo ndinalembamo masiteji a minibasi a kwathu: dzina la siteji, dera lake, ndi mbali imene ili, Blantyre kapena Limbe. Ndinawatumizira linki ndi uthenga wakuti, "Bambo, ndithandizeni. Tsegulani ichi mundiuze chimene mukuona. Likakanika kutseguka pa makina amodzi okha, ntchito yandithera."

Yankho linabwera mawa lake madzulo, ndipo ndikulikumbukira lonse: "Latseguka koma zonse zaunjikana ngati matumba a makala. Mutu palibe. Ukadina posanja palibe chochitika. Komanso Kanjedza si Blantyre, ndi Limbe. Konza."

Ndinaseka ndekha m'sitima mpaka mayi wina anasuntha mpando. Chichokereni kwathu, bambo anali asanandiuzepo mawu ambiri chotero.

Ndinakonza, ndinatumizanso, iwo anayankhanso. Kuchokera m'mauthenga awo ndinaphunzira zimene buku silinandiphunzitse. Kabulauza ka m'mafoni a mabatani sikachita kokha ntchito yosanja, kamadalira makina ena akutali, choncho ndinapanga kuti ukadina posanja tsamba lizibwera kachiwiri litasanjidwa kale. Pa sikirini yaing'ono mizere yambiri siikwana, choncho ndinapanga kuti yosafunika kwambiri izipindikira pansi pa dzina, uziitsegula ukafuna. Netiweki ikamakwawa, tebulo lizibweretsa kaye mizere yochepa m'malo momeza bandulo ya munthu nthawi imodzi. Pa bulauza yakale ya pa kompyuta mutu uja wotsala pamwamba unkathawira m'mbali, ndiye ndinaupangira njira yakeyake. Ndipo pansi pa zonsezi ndinayala tebulo wamba, lopanda zokometsera, loti bulauza ikalephera zina zonse munthu azionabe mizere yake n'kuwerenga.

Kasitomala anakhala, nanenso ndinakhala. Aneli atandifunsa kuti ndikuyesera kuti zinthu zimenezi, ndinamuonetsa mauthenga a bambo n'kumamumasulira. Anaseka mpaka misozi pa nkhani ya matumba a makala. Lamulungu lotsatira ndinawauza bambo monyadira kuti abwana anga amawerenga malipoti awo. Anangoti, "Oho," koma ndinamva kuti akhala tsonga pampando.

Kuyambira pamenepo chinakhala chizolowezi. Tikawonjeza chinthu chatsopano pa tebulo, ndinkatumiza linki ku Chilobwe, ndipo pakapita tsiku kapena awiri lipoti linkabwera. Malipotiwo anayamba kukula. "Pa foni ya mabatani lili bwino. Pa foni yopalasa ndi chala mabatani ako achepa, chala cha munthu wamkulu chikudina awiri. Pa kompyuta yakale kabokosi kosefera kabisala kuseri kwa mutu." Ndinkaganiza kuti amapita pa kafe ya intaneti ya a Jafali ku Limbe, pamene ine ndinaphunzirira kompyuta, basi. Nthawi zina uthenga unkabwera m'zilembo zazikulu zokhazokha, nthawi zina m'chidule cha achinyamata. Tsiku lina unathera ndi mawu akuti "zili bho," ndipo ndinauza mayi kuti amuna anu ayamba uchinyamata. Mayi anaseka pang'ono n'kusintha nkhani.

Mkati mwa malipotimo munkalowa zina. "Mzere wa madeti ukusanja mwezi patsogolo, kuno timayamba tsiku. Mvula yagwa, mpanda wa kuseri wagwa." Kapena, "Tsamba lachiwiri likuchedwa. Kumeneko akuti kukuzizira, uvale." Uthenga wa "uvale" umenewo ndinauwerenga kambirimbiri. Ngati munakhalapo kunja nokha mukudziwa kuti mawu amodzi otero amatha kukusunga mwezi wathunthu.

Zaka zinapita, kampani inakula, ine ndinakwezedwa. Kenako akuluakulu anagamula kuti tebulo tilimangenso mwatsopano, ndipo mabulauza akale tiwasiye. Kunena zoona anali ndi mfundo. Kusamala makina akale kunkatidyera nthawi, ndipo kasitomala uja anali atagula makompyuta atsopano. Tebulo latsopanolo linali lokongola, lothamanga, lotha kunyamula mizere yosawerengeka osatsamwa, koma tebulo wamba lija la pansi tinalichotsa. Titamaliza ndinatumiza linki kwa bambo monga mwa masiku onse, ndili ndi chimwemwe cha mwana amene wabwera ndi lipoti labwino la kusukulu. Za lamulo latsopano la ku ofesi sindinaone chifukwa chowatopetsera nazo.

Lipoti silinabwere. Sabata inatha, ina inatha. Lamulungu ndinawafunsa ngati analandira linki.

"Ndinalandira."

"Nanga mwaona bwanji?"

"Ndikuonabe. Nawa mayi ako."

Tinabwerera pa "muli bwanji, tili bwino." Ndinadzifunsa mafunso onse. Kodi ndawalakwira chiyani? Kodi atopa nazo? Kodi mkwiyo uja wa tsiku lonyamuka unangogona, tsopano wadzuka? Ndinali ndi chipinda chabwinopo, ndi hita yomwe, koma nyengo yozizira imeneyo inandipweteka kuposa yoyamba ija. Ndinayamba kuganiza zobwerera kwathu, koma ndinkaopa kukafika pakhomo n'kupeza kuti munthu amene ndabwererayo alibe nane mawu.

Anandithandiza kuganiza ndi mayi. Anaimba pakati pa sabata, chinthu chimene sankachita, kundiuza kuti bambo agwera m'ngalande pafupi ndi msika wa Limbe ndipo mwendo wathyoka. Ndinapita kwa Aneli kukatsanzika. Iye anati ntchito yanga siifuna kuti thupi langa likhale ku Kepitauni, ndikhoza kumaigwirira ku Blantyre bola magetsi ndi netiweki. Ndinamuuza kuti ziwiri zimenezo ku Blantyre sizilonjezedwa, koma ndiyesetsa. Mayi ameneyo ndimamuyamika mpaka lero.

Ndinafika ku Chilobwe masana, dzuwa likuswa mtengo. Bambo anali pampando wawo, mwendo uli m'chikhakha, atausanjika pa kampando. Ndinagwada kuwapatsa moni. Anagwira dzanja langa ndi manja awiri, koma nkhope yawo inaloza pambali pang'ono, ngati akupereka moni kwa munthu amene waima kumbuyo kwanga. Nditawayang'anitsitsa ndinaona kuti m'maso monse muwiri muli mtambo woyera.

Ndinawakokera mayi kukhitchini. Anati ndi ng'ala, ndipo inayamba chaka chomwe ndinachoka. Poyamba ankalephera zilembo zazing'ono, kenako nkhope za anthu, tsopano amangoona kuwala ndi zithunzithunzi. Kuchipatala ankakana, ati maso sachita kupalidwa ngati mbatata. Ndipo analetsa mayi kundiuza, ati mwana angasiye ntchito.

"Nanga tebulo lija ankaliona bwanji? Mauthenga aja ankalemba ndani?"

Mayi anapukuta manja pa chitenje. "Zimenezo ukafunse ku Limbe. Ine ndinkangowachapira malaya ndi kuwakweza minibasi."

M'mawa mwake ndinapita. Nditangolowa mu kafe, a Jafali, amene tsopano anali ndi imvi m'ndevu, anaimirira n'kuwomba m'manja.

"Eee, achemwali! Anthuni, mwini tebulo uja ndi ameneyu!"

Anthu amene anali pa makompyuta anatembenuka, ndipo awiri a iwo anandipatsa moni ngati tinadziwana kale. A Jafali anandikhazika pansi n'kundifotokozera. Linki ikafika, bambo ankavala jekete ndi tayi, kukwera minibasi, n'kuyambira pa kafe pomwepo. A Jafali ankatsegula pa kompyuta iliyonse, kuyambira yatsopano mpaka ija ya pakona yolira ngati chigayo, n'kumawauza zimene zikuoneka. Bambo ankafunsa mafunso a ukalaliki. Mizere yawongoka? Mutu uli pamalo pake? Dinani posanja, chayamba n'chiyani? Akamaliza pamenepo ankagwira ndodo yawo n'kupitiriza ulendo.

"Kupita kuti?" ndinafunsa.

"Kulikonse kumene kuli sikirini, achemwali. Bwerani ndikuonetseni."

Tinayamba ku sitolo imene bambo ankagwirako ntchito. Tsopano ikuyendetsedwa ndi a Haruni, mwana wa abwana awo akale, amene bambo anawaphunzitsa kulemba ma invoisi ali kamnyamata. Anandilowetsa mu ofesi ya kuseri n'kundionetsa kompyuta yachikasu ndi ukalamba, imene amasindikizira mapepala a katundu.

"Iyi sitiilola munthu kuigwira," anatero a Haruni. "Koma a Kalaliki akabwera, ntchito imaima, tiyi amabwera, tebulo limatsegulidwa. Nkhani ya mutu wothawira m'mbali ija inapezeka pano. Ndinalemba uthengawo ndine. Zilembo zazikulu zija mundikhululukire, batani lake linakanirira."

Kuchoka apo tinapita kwa mayi wina wogulitsa mayunitsi pansi pa ambulera, a Nasibeko, amene anali ndi foni yopalasa ya sikirini yosweka. Iwo ndi amene anadandaula kuti mabatani achepa, ndipo anandionetsa chala chawo kuti ndione ndekha kuti sankanama. "Zili bho" uja analinso iwowo. Anandiuza kuti panalinso telala wa pakhonde la sitolo, mlembi wa ku ofesi ya tchalitchi ku Kanjedza, ndi makondakitala a minibasi za ku Chilobwe, amene ankatsegula linki ulendo uli mkati n'kumakangana kuti siteji yakuti ndaisiyiranji. Palibe amene analipidwa. Ambiri ankathera bandulo yawoyawo.

"Nanga tikanatani?" anatero a Nasibeko. "Munthu wamkulu wavala tayi, akuti mwana wanga ali ku Joni ndipo ntchito yake ili m'manja mwathu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Ine ndinkadziona ngati munthu amene ali yekhayekha kunja kuja, wodziwika ndi makoma okha. Osadziwa kuti ku Limbe dzina langa linkatchulidwa pansi pa ambulera, m'minibasi ndi kuseri kwa matumba a shuga. Ndinaima pamsewu paja anthu akundigunda mapewa, misozi ikungotsika, a Jafali akunamizira kuyang'ana kwina.

Titabwerera ku kafe ndinafunsa funso limene linkandidya. Ngati zinali choncho, n'chifukwa chiyani anasiya kundiyankha?

A Jafali anapukusa mutu. Anati linki yomaliza ija inatseguka bwino pa mafoni atsopano, koma pa makina onse akale panangobwera tsamba loyera. Pa foni ya bambo loyera, pa kompyuta ya a Haruni loyera, pa chigayo cha pakona loyera. Iwo anawauza bambo kuti tingolemba zimene taona. Bambo anakana.

"Anati, 'Mwana wanga anandiuza kuti likakanika pa makina amodzi okha ntchito yamuthera. Ndipo malipoti anga abwana ake amawerenga. Ndikalemba kuti lakanika, ndamuchotsetsa ntchito ndine. Ndikalemba kuti latseguka, ndanama, ndipo ine sindinalembepo bodza m'buku.' Ndiye anaganiza kuti mwina vuto ndi makina athu kuno. Anayamba kusakasaka kompyuta yakale imene ingalitsegule, kuti akhale ndi chabwino choti alembe. Anafika mpaka ku maofesi a m'tauni, mpaka ku Manja. Tsiku limene anagwa lija, anamva kuti kuseri kwa msika kuli malo ojambulitsa mapepala amene ali ndi kompyuta yakale."

Mawu amene ndinawalemba ndili ndi mantha a mwana watsopano pa ntchito, ine ndinali nditawaiwala kalekale. Bambo anawasunga ngati lamulo, n'kuyenda nawo mumdima mpaka m'ngalande.

Madzulo a tsiku limenelo ndinakhala pa mkeka pafupi ndi mwendo wawo wa chikhakha. Ndinawafotokozera kuti tsamba loyera lija silinali kulephera kwanga, kampani inachita kusankha kusiya makina akale, ndipo ntchito yanga ili bwinobwino. 

"Ndiye kuti a Haruni ndi a Jafali munawataya dala?"

"Makina awo, bambo, osati iwowo."

"N'chimodzimodzi. Munthu amabwera ndi chimene ali nacho."

Sindinatsutse. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire za maso, ndi chifukwa chimene anadzivutitsira zaka zonsezo pamene akanangonena kuti sindikuona.

"Ndikananena, ukanasiya kutumiza," anatero. "Iwe ukaimba n'kuti muli bwanji, ine ndiyankha kuti ndili bwino, nkhani yathera pomwepo. Ine si mayi ako, sindidziwa kucheza pa foni. Koma ukandipatsa ntchito, ndimakhala ndi chokuuza."

Ndinagwira phazi lawo limene linatuluka kunsi kwa chikhakha, lozizira. Kenako ndinati popeza amakonda ntchito, ndili nayo ina: ndikufuna munthu woti aone tebulo ndi maso akeake, osati obwereka. Anadziwa kumene ndikulowera. Anang'ung'udza za mbatata zija, koma mwendo utapola analola kuti tipite kuchipatala.

Podikira tsiku lawo, ndinalembera Aneli kumupempha kuti tibwezeretse tebulo wamba lija la pansi, loti bulauza ikalephera zokometsera munthu azionabe mizere. Ndinamuuza kuti ndiligwira pa nthawi yanga. Anavomera, n'kuwonjeza kuti ndipereke moni kwa mkulu wa matumba a makala. Ndinaligwira pakati pa kuzima kwa magetsi, ndipo loyamba kuliyesa linali chigayo cha a Jafali. Litatseguka, a Jafali anatuluka panja kukaitana a Nasibeko.

Madokotala anayamba ndi diso lamanja. Tsiku limene anachotsa bandeji, bambo anayang'ana mayi nthawi yaitali n'kunena kuti akalamba, mayi n'kuyankha kuti akadziona okha pagalasi asakomoke. Titafika kunyumba sanafune kupuma. Anakhala pampando wawo, n'kuitanitsa jekete.

Ndinaika laputopu pa kampando kaja, ndinatsegula tebulo la masiteji, n'kukulitsa zilembo mpaka mzere uliwonse unanenepa ngati chala. Anaweramira pafupi, diso limodzi lotsinzina, lilime pakona pa mlomo. Chinthu chimene anachiyendera Limbe yense kwa zaka, anali kuchiona koyamba.

"Ndi limeneli?" anatero. "Ndinkayesa ndi lalikulu."

Anayendetsa chala m'mphepete mwa mzere kuchokera pamwamba mpaka pansi, monga ankachitira ndi rula, kuona ngati wawongoka. Ndinawaonetsa podina. Anadina okha pamutu, mayina onse n'kudzisanja. Anadinanso, n'kutembenuka, kachitatu n'kubwerera mwakale. Anaseka kamodzi, kaphokoso kakang'ono ka m'mphuno. Kenako chala chinatsika pang'onopang'ono, kudutsa Chilobwe, mpaka chinaima pa Kanjedza, n'kutsetsereka kupita kumanja pamene panalembedwa kuti Limbe.

"Unakonza," anatero.

"Munandiuza, bambo."

Anagwedeza mutu, chala chikadali pomwepo. "Ntchito ndi imeneyi, Elube. Yaoneka." Kenako anayamba kufufuza ndodo yawo pansi pa mpando. "Koma usatseke. Mawa tilawirire ku Limbe. Anthu aja akhala akundiuza zimene akuona zaka zonsezi, nanenso ndikawauze zimene ndaona."